Injini ya 168F pa go-kart ya ana anga: mphamvu ilipo yambiri, koma yang'anani shafti musanalipire

Amene munaonapo pampu yothirira kudimba kapena jenereta yaing'ono pakhonde la shopu, injini imeneyi mukuidziwa kale. Ndi ija ya thanki pamwamba, yoliza pokoka chingwe, yolembedwa 168F pambali ndi 6.5HP pa chomata chachikulu. Ife tinaigula yatsopano pa shopu ina ya zitsulo ku Malangalanga, mu Lilongwe, kuti tiike pa go-kart (kagalimoto kakang'ono kapansipansi ka munthu mmodzi) imene tinapanga pakhomo ndi ana anga awiri, mtsikana wa zaka 12 ndi mlongo wake wa zaka 9. Kagalimotoko kaona mvula, kaonanso fumbi la mwezi wa October, ndiye ndikutha kunena za injiniyi mtima uli m'malo.

Ndi yabwino pa ntchito imeneyi, ndipo nditati ndiyambirenso ndingagule yomweyi. Koma siinapangidwire ana. Inapangidwira kupopa madzi tsiku lonse pa liwiro limodzi, ndipo kholo limene likuiika kumbuyo kwa mwana liyenera kuiweta kaye.

Ganizo lonse linachokera kwa mnyamatayu. Anayamba ndi magalimoto a mawaya, kenako ngolo ya matabwa ya mabelingi anayi imene ankakankhana ndi anzake kumtsetse wa kuseri kwathu. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Adadi, nanga titaikapo injini ya pampu ija?" Mayi ake anavomera pa mfundo imodzi yokha, kuti mabuleki ayambe kugwira injini isanalire. Mfundo imeneyi ndi imene inatsogolera ntchito yonse, ndipo ndikuwayamikira mpaka pano.

Injiniyi ndi ya silinda imodzi, 196cc, four-stroke, kutanthauza kuti petulo amakhala payekha, oyilo payekha, osasakaniza monga timachitira ndi makina ochekera mitengo. Imapangidwa ku China motengera Honda GX200, moti pulagi, kabuleta, fyuluta ndi chokokera chingwe kawirikawiri zimalowana. Apa ndi pamene pali ubwino wake waukulu kwa ife kuno. Chifukwa cha mapampu ndi majenereta, zipangizo zake zili paliponse, ndipo mmisiri aliyense wokonza jenereta amaitsegula osafunsa munthu. Imalemera makilogalamu pafupifupi 16. Munthu mmodzi amainyamula. Za 6.5HP zija musazitenge ngati lamulo, chifukwa ngakhale a Honda pa GX200 yawo amalemba mphamvu yosafika 6. Wothirira tomato m'mawa mpaka madzulo, ngati thumba likulola, agule ya Honda. Koma kagalimoto koyenda maola ochepa Loweruka ndi Lamulungu sikafuna zonsezo, ndipo ndalama yotsalayo ndi bwino ipite ku mabuleki ndi helemeti.

Tsono nkhani ya shafti, imene ndikufuna aliyense aimve asanatulutse ndalama. Injini za 168F zimaoneka zofanana kunja, koma kachitsulo kotulutsa mphamvu kamasiyana malinga ndi ntchito imene anaipangira. Ya jenereta imakhala ndi shafti yosongoka, yonenepa kutsinde n'kumachepa kunsonga. Ya pampu nthawi zambiri imakhala ya mazinga, pomangirapo chopalasira madzi. Ziwirizi kilatchi ya go-kart siikhalapo. Imene mukufuna ndi yowongoka, yosalala, yokhala ndi kangalande kolowetsamo kiyi. Choncho amene mukuganiza zochotsa injini pa jenereta yakale ya pakhomo, iyang'aneni kaye, mungadzataye ndalama yambiri kwa osula zitsulo pofuna kuisintha.

Ngakhale yowongokayo ili mitundu iwiri: ina ndi mamilimita 20, ina ndi 3/4 inchi, yomwe ndi mamilimita 19 ndi kakang'ono. Ndi maso simungasiyanitse. Ine ndinapita kushopuko ndi amisiri owotcherera a ku Mchesi amene anatithandiza pa felemu, bambo achikulire ndithu, osakonda zolankhulalankhula. Wogulitsa ankakana kutsegula katoni, akuti zonse n'chimodzimodzi. Amisiriwo anangotulutsa vernier, kachida koyezera kunenepa kwa chitsulo, m'thumba la ovololo n'kunena kuti, "Achimwene, titsegulireni tiyeze. Bwanawa akagula tisanayeze, abweranso mawa kudzakangana nanu." Anatsegula. Inali ya mamilimita 20. Kilatchi ya 3/4 inchi siikanalowa, ndipo ya 20 ikaikidwa pa shafti yaing'ono ija imagwedera mpaka kudya kiyi.

Kilatchiyo ndiye chinthu chokhacho chimene chinativuta kupeza. M'mashopu amene tinazungulira munalibe, ena ankationetsa ya njinga yamoto. Yofunika ndi ija imagwira yokha injini ikakwera liwiro, cha m'ma 2,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), n'kusiya yokha mwana akachotsa phazi pa moto. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndi amene anatigulira n'kuitumiza pa basi, ya mano 10, ya tcheni cha 420. Amene muli ndi wachibale kumeneko, mutumizireni chithunzi cha muyeso wa shafti, osati dzina la injini lokha.

Imabwera yopanda oyilo. Ndikubwereza: yopanda oyilo ngakhale dontho, ndipo pepala lochenjeza lili m'Chingerezi cha tizilembo ting'onoting'ono. Imafuna malita 0.6, ndipo ife tinathira 10W-30 mpaka kufika pakamwa pa bowo, injini itakhala pamalo osapendekeka. Tinaimangirira pa thabwa, n'kuilizitsa pang'onopang'ono kwa kanthawi, kenako tinakhuthula oyilo woyambayo m'mbale yakale yoyera. Ndinawaitana ana kuti aone. Titaipendeketsa mbaleyo padzuwa, pansi pake panali timiyalamiyala tonyezimira, tina ngati ufa, tina tooneka bwinobwino pachala. Mtsikanayu anakokamo maginito a sipika yakufa, ndipo anatuluka atamera tsitsi lakuda la zitsulo. Zimenezi ndi zotsalira za ku fakitale komanso zitsulo zatsopano zikamayamba kukhudzana. Buku limanena kuti oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola 20, koma nditaona mbale ija sindingalangize munthu kudikira mpaka pamenepo. Oyilo wachiwiri anatuluka woyera bwino.

Kuliza sikuvuta. Kutsegula petulo, kutseka choke, kukoka pang'ono mpaka chingwe chilimbe, kenako kukoka kamodzi mwamphamvu. Mtsikanayu amailiza yekha. Mnyamatayu mkono sunafike, ndipo ine sindikudandaula nazo, chifukwa sangaitulutse ine kulibe.

Pa magiya ndi pamene ndinaona kuti ntchitoyi yapindulira ana kuposa kungokwera. Injiniyi ili ndi governor amene amaigwira kuti isapitirire 3,600 rpm. Matayala athu ndi a wilibala, a 4.00-8, otalika masentimita pafupifupi 40, ndiye tayala likazungulira kamodzi limayenda mita imodzi ndi masentimita 26. Ndinamupatsa mtsikanayu kope ndi pensulo kuti awerengere yekha. Titati tilumikize kilatchi ya mano 10 molunjika ku sipuloketi ya njinga yamoto ya mano 41, matayala azizungulira maulendo oposa 870 pa mphindi, lomwe ndi liwiro loposa makilomita 60 pa ola. Anayang'ana nambalayo, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Amami sangalole." Ndipotu ngakhale akanalola, kilatchi ikanapsa, chifukwa pa giya yolemera chotero imangotsetsereka osagwira, mpaka kuchita buluu ndi kununkha.

Amisiri aja anatiikira shafti yachiwiri pakati, yokhala pa mabelingi awiri. Tcheni choyamba chimachoka pa mano 10 kupita pa 41, chachiwiri chimachoka pa 14 kupita pa 41 ina ya ku matayala. Mukawerengera, injini imazungulira maulendo 12 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo liwiro lapamwamba limatsika kufika pafupifupi makilomita 22 pa ola. Masipuloketi ndi matcheni onsewa tinagula kwa ogulitsa zipangizo za njinga za kabaza. Chenjerani ndi chimodzi: tcheni cha 428, chimene chili pa njinga zambiri, chimaoneka ngati cha 420 chifukwa mfundo zake n'zotalikirana mofanana, koma ndi chonenepa, ndipo pa mano a kilatchi sichikhala bwino. Gawo loyamba lonse likhale la 420, lachiwirilo ndi limene mungaike 428.

Makilomita 22 pa ola amamveka ochepa mukakhala pampando wa minibasi. Mukakhala chapansi, fumbi likukukhudzani m'zigongono, ndi liwiro lokwanira kuopsa munthu wamkulu. Kwa mnyamatayu ndinachepetsanso. Pa chogwirira cha moto pali kasikuluwu kamene kamaletsa chogwiriracho kufika kumapeto. Ndikakalowetsa, kagalimotoko kamayenda mofanana ndi munthu wothamanga. Ndi kanthu kakang'ono koma ndimakakonda kwambiri pa injiniyi, chifukwa liwiro la mwana limakhala m'manja mwa kholo ndi sikuludiraiva.

Mnyamata wina wophunzira ntchito pa shedi ya amisiri aja anatiuza kuti tichotse governor kuti "idzuke". Ndinakana, ndipo amisiriwo anamudzudzula pomwepo. Flywheel ya injini zimenezi, chigudumu cholemera chozungulira pambali pa injini, ndi yachitsulo choumba, sanaipangire liwiro lopitirira, ndipo ikasweka imauluka zidutswazidutswa, pamene msana wa mwana uli pafupi pomwepo. Ayrton Senna, katswiri wa ku Brazil amene anapambana katatu mpikisano wa magalimoto wa Formula One, kagalimoto kake koyamba anamupangira ndi bambo ake ndi injini yotchetchera kapinga ya 1HP yokha. Ngakhale go-kart yoyamba, imene Art Ingels anapanga ku California mu 1956, inali ya injini yotchetchera kapinga. Mwana wa zaka 9 ali ndi mphamvu yoposa kasanu ya Senna kumbuyo kwake. Palibe chifukwa chomuwonjezerera.

Zofooka zilipo, ndipo sindizibisa.

Pulagi imene inabwera nayo inayamba kudumphadumpha isanapite patali. Ndinaika NGK BPR6ES, mpata wa pakamwa mamilimita 0.7 mpaka 0.8, ndipo vutolo linathera pomwepo. Chivindikiro cha thanki chimadontha kagalimoto kakamadumpha m'mabampu, makamaka thanki ikadzaza. Tsopano timathira theka lokha, lomwenso limakwanira masana onse n'kutsalako. Mabawuti a ekizozi ndi a thanki amamasuka ndi kunjenjemera, moti sipanala ya 10 imakhala m'thumba mwanga nthawi zonse, ndipo ntchito yoyang'ana mabawuti tisananyamuke ndi ya mnyamatayu. Kampopi ka petulo mukaiwala kutseka ponyamula kagalimoto pa pikapu, petulo amasefukira mu kabuleta mpaka kulowa mu oyilo. Mukamva oyilo akununkha petulo, musailize, sinthani kaye.

Chimene chimakwiyitsa ana ndi sensa ya oyilo. Ntchito yake ndi kuzimitsa injini oyilo akachepa, ndipo pa pampu yokhazikika pansi imathandiza kwambiri. Koma pa go-kart, mwana akakhota mwamphamvu kapena akakwera pachulu, oyilo amathamangira mbali imodzi, sensa n'kuganiza kuti watha, injini n'kuzima pakati pa bwalo. Ambiri amangozula waya wake. Ine ndinausiya. Oyilo akakhala wodzaza mpaka pakamwa sizichitika kawirikawiri, ndipo zikachitika zimandiuza kuti wina wakhota mopitirira muyeso.

Ekizozi ndiye yoopsa zenizeni. Imakhala pamwamba, pafupi ndi phewa la woyendetsa, ndipo kachotchinga kake kamatentha moti sungakhudze. Tinaika lata pakati pa mpando ndi injini, ndi mpata wa mpweya pakati. Lamulo la pakhomo ndi lakuti wotsika amatsikira kutsogolo, ndipo palibe wogwira kumbuyo pokankha. Ana a aneba akabwera, ndimawauza zimenezi asanayandikire, chifukwa dzanja la mwana limathamangira pomwe pakunyezimira.

Phokoso lake ndi la jenereta, simungalibise. Sitiliza m'mawa kapena nthawi ya mapemphero, ndipo timayendetsera pa bwalo la mpira lafumbi, titapempha kwa oyang'anira bwalolo, nthawi imene palibe masewero. Pamsewu ayi, ngakhale kamsewu ka m'mudzi. Kagalimotoka kalibe nambala, kalibe magetsi, kalibe inshuwalansi, ndipo n'kakafupi moti woyendetsa lole sangakaone.

Fumbi la bwalo limenelo ndi mdani wa injiniyi. Fyuluta yake ndi siponji, ndipo ikayenda masana amodzi m'chilimwe imasanduka yofiira. Timaichapa ndi sopo, kuiumitsa, kuidontheza oyilo pang'ono n'kuifinya. Mukaisiya, injini imayamba kutulutsa utsi wakuda ndi kumwa petulo wambiri; mukaichotsa n'kuyenda popanda, fumbi limadya silinda. Iyi ndi ntchito ya mtsikanayu, ndipo amaichita mosamala kuposa ine.

Popeza injini siyenda yokha, nditchuleko pang'ono za pomwe yakhala. Felemu ndi ya mapaipi a sikweya a mamilimita 30, okhuthala mamilimita 2, osati opyapyala a mawindo aja. Axle ya kumbuyo, chitsulo chokhala matayala, ndi ya mamilimita 25, pa mabelingi a UCP205, ndipo matayala onse awiri amazungulira nayo limodzi. Tinasankha choncho chifukwa cha mfundo ya mayi awo ija: disiki imodzi ya njinga yamoto pa axle imagwira matayala onse awiri nthawi imodzi. Kuipa kwake n'kwakuti pokhota kagalimoto kamafuna kupita kutsogolo, koma pa dothi tayala lamkati limatsetsereka, ndiye sizivuta. Pa chiwongolero amisiri anakoka chingwe kuchoka pa tayala lililonse lakutsogolo kupita pakati pa axle ya kumbuyo, n'kuwotcherera timikono totsatira chingwecho, kuti pokhota tayala lamkati lizikhota kwambiri kuposa lakunja. Ana anagwira chingwecho okha. Pa mbale yokhalira injini anaboola mabowo aatali m'malo mwa ozungulira, kuti tcheni chikatamuka tizingosuntha injini.

Mabuleki tinawayesa injini isanakwere, monga tinagwirizana. Ine ndi mtsikanayu tinkakankha, mnyamatayu ali pampando, mayi ake ataima pamzere umene anajambula ndi phazi. Mnyamatayu ataima asanafike pamzerewo, mayiwo anakwera okha n'kutiuza kuti tikankhenso mwamphamvu. Anaponda, matayala anakwekwereza pansi, ndiye anati, "Chabwino, bambo ake, ikani injini yanuyo."

Pali zinthu ziwiri zimene injiniyi siibwera nazo koma musayende popanda. Choyamba ndi switchi yozimitsira pafupi ndi chiwongolero. Yake ili kumbuyo, kumene mwana sangafikire ali pampando, ndipo waya wa moto ukakakamira palibe chimene angachite. Tinalumikiza waya kuchoka ku switchi ya injini kupita ku ina ya njinga yamoto; ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chachiwiri ndi chotchinga matcheni ndi axle yonse. Chitsulo chozungulira chikagwira tsitsi lolukidwa, mpango, chitenje kapena chingwe cha juzi, sichisiya. Ndili ndi mwana wamkazi, ndipo ichi ndi chimene chinkandisowetsa tulo kuposa liwiro. Tinapinda lata n'kuphimba zonse kuyambira pa kilatchi mpaka ku matayala. Wokwera amavala thalauza, nsapato zotseka ndi helemeti ya njinga yamoto yomukwana, tsitsi litalowa mkati.

Kuwotcherera ana sanachite. Anayeza, analemba ndi choko, anapala dzimbiri ndi sandipepala, anapaka penti, anamanga mabawuti. Moto ukayamba, amisiri ankawauza kuti, "Tembenukani, ana inu, maso sagula," ndipo ankadikira mpaka atembenukedi. Magetsi akazima ntchito inkaima, moti zinatenga nthawi kuposa momwe tinkaganizira, koma masiku amenewo ndi amene ana anaphunzira kumasula kabuleta ndi kupemerera jeti.

Pa ndalama, injini ndi kilatchi zinadya gawo lalikulu kuposa china chilichonse, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chimasintha mtengo musanamalize kusunga. Mukapeza injini ya shafti yoyenera, igulireni pomwepo, felemu idzatsatira. Yakale yogula kwa munthu nayonso ingathandize, bola muikoke chingwe mumve ngati ikulimba, muilize muone ngati sikutulutsa utsi wabuluu, ndipo mugwedeze shafti ndi dzanja kuti muone ngati ilibe mpata.

Kwa ana osafika zaka 8 sindingaiike, ngakhale mutachepetsa moto. Ngolo yokankha iwakwanira. Kwa a zaka 9 kupita m'tsogolo, kholo lili pomwepo, ndi yokwana ndipo idzawafikitsa ku sekondale. Imandikoka ngakhale ine pamalo athyathyathya. Pomwe imavutika ndi pa udzu wautali ndi pamchenga, ndipo vuto si injini koma kilatchi, imene imatentha mwana akamayenda pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali. Ndimadontheza oyilo pang'ono pa bushi yake ikazizira, osafikitsa pa nsapato zake zogwirira zija za mkati, ndipo ana ndinawaphunzitsa kuti akamva fungo lopsa aime. Msuweni uja akadzabwera pa Khirisimasi ndamupempha atitengere torque converter ya 30 series ya shafti ya mamilimita 20, imene imasintha giya yokha ndi lamba, kuti tichotse vuto limeneli.